Pakhonde pa Azakhali: Si kope limene likudya mpamba wako

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu. Ndimagulitsa tomato, anyezi ndi masamba pamsika wina ku Bangwe kuno, ndipo katundu ndimakapikula ku Bvumbwe. Miyezi yapitayi gulu lathu la banki mkhonde linaitanidwa ku maphunziro a kasamalidwe ka ndalama, a masiku atatu, muholo ya tchalitchi. Anatiphunzitsa kulemba zolowa ndi zotuluka, kusiyanitsa ndalama za geni ndi za pakhomo, komanso kusakongoza katundu mwachisawawa. Ndinabwerako ndi kope, cholembera ndi satifiketi.

Chiyambireni kulemba, Azakhali, mtendere wasowa. Kale ndinkaweruka ndi ndalama pansonga pa chitenje n'kumati zikuyenda. Tsopano kope likundiuza kuti masiku ena ndimangopsa ndi dzuwa pachabe. Bambo akunyumba akuti maphunzirowa andipatsa mwano, chifukwa atatenga K5,000 ya mafuta a njinga yamoto ndinalemba dzina lawo m'kope. Alamu anga asiya kundiyankhula chikanireni kuwakongoza tomato, ndipo apongozi akuti ndasanduka mzungu. Phindu lenileni sindikuliona kukwera. Kodi maphunzirowa ndi othandizadi, kapena ndingotaya kopeli ndibwerere mwakale? Anzanga akuti nditenge ngongole ina ndikulitse geni, poti tsopano ndine wophunzira.

Ine wanu,
Wothedwa nzeru, Bangwe

Mwana wa achimwene anga,

Sendera kuno, ndipo kopelo usalisiye. Ndaseka mpaka duku kugwa pamene wanena kuti unalemba akamwini athu m'kope. Unawalemba pati, pamwamba pa anyezi kapena pansi pa mpiru? Unaikapo ndi mfunda womwe? Bambo wandevu zake, woti pamaliro amamupatsa mpando, lero ali pamzere umodzi ndi tikiti ya msika! Mtsikana iwe ulibe mantha. Koma usafufute.

Tiyambe ndi mlandu umene ukuliimba kopelo. Ukuti chibwerereni ku maphunziro geni yayamba kuluza. Ayi mwanawe, inkaluza kale, kungoti panalibe mboni. Tiye tilondole dengu limodzi kuchokera ku Bvumbwe mpaka pabenchi pako. Mitengoyi ndikungoyerekeza, poti mtengo wa masiku ano ukautchula m'mawa, madzulo anthu amakuyesa wabodza.

Tinene kuti dengu wapikula pa K40,000. Minibasi kupita ndi kubwera, pamodzi ndi ya katundu imene mumakanganirana ndi kondakitala pa Limbe, K6,000. Mnyamata wokusenzera kuchokera pasiteji, tikiti ya msika ndi majumbo, K2,000. Dengu lija lakwana K48,000 usanaunjike mulu ndi umodzi womwe. Ukalikhuthula, pansi pali ophwanyika, ochucha madzi. Amenewo aike uko. Abwinowo atuluka milu 63 ya tomato asanu ndi mmodzi, mulu K1,000. Mtima uli m'malo, m'mutu wawerenga kale K63,000. Koma kasitomala wa ku Bangwe sachoka pabenchi asananene kuti "Mayi, pulaizi?" ndipo iwe, poti unaleredwa bwino, dzanja limapita lokha. Tomato mmodzi kwa aliyense. Ukagulitsa milu isanu ndi umodzi, wachisanu ndi chiwiri wapita ulele, ndiye pa milu 63 ija yogulitsa ndi 54. Alamu atola milu iwiri ya "ndikupatsani Loweruka", Loweruka lake losadziwika chaka. Masana njala yawawa, tchipisi ndi chakumwa K2,000. Akamwini adutsa ndi njinga yawo, K5,000. Madzulo ukumasula nsonga ya chitenje, muli K45,000, mfundo yonenepa bwino, ndipo ukupita kunyumba ukung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Koma dengu la mawa likufuna K48,000. K3,000 yoperewerayo kale unkaitola mwakachetechete kwa mnzako wa benchi loyandikana nalo kapena ku banki mkhonde, n'kumati ndi tsoka la tsikulo.

Taona tsono. Geni payokha yabala K6,000, kutanthauza kuti si yakufa. Kungoti oidya ndi ambiri kuposa oigwirira ntchito.

Funso lako lenileni ndi loti maphunzirowa amathandizadi kapena ndi kungodyera mabanzi muholo. Anthu analifufuza kwambiri funso limeneli, ndipo Azakhali ako sikuti amangotafuna nzimbe pakhonde pano, amawerenganso. Ku Dominican Republic, dziko la pachilumba m'nyanja ya Caribbean, akatswiri atatu, Drexler, Fischer ndi Schoar, anagwira ntchito ndi bungwe lobwereketsa ndalama la ADOPEM n'kugawa makasitomala ake oposa 1,000 m'magulu. Ena anawaphunzitsa kalembedwe ka mabuku a ndalama ka kusukulu, ka mizeremizere ndi mayina ovuta. Ena anangowapatsa timalamulo tapafupi: ndalama za geni uziika pakepake, za pakhomo pakepake, uzidzilipira malipiro okhazikika, ukatapa za geni kukagwiritsa ntchito pakhomo, lemba kapepala kuti wakongola, ndipo ubweze. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014. A timalamulo tija ndiwo anasintha kachitidwe kawo, makamaka amene poyamba za ndalama sankazidziwa kwenikweni, ndipo malonda awo m'masabata ovuta anayamba kuchitako bwino. A mizeremizere aja, zambiri zinatsalira pabolodi.

Usati ndi za kutsidya kwa nyanja zokha. Kwathu konkuno, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, akatswiri a World Bank analondola mabizinesi ang'onoang'ono pafupifupi 3,000 amene anali osalembetsa kuboma. Ena anawathandiza kulembetsa mwaulere mpaka kulandira satifiketi ya bizinesi. Pepalalo palokha silinasinthe malonda kapena phindu. Koma gulu lina, kuwonjezera pa kulembetsako, linakhalanso pansi ndi anthu amene anawafotokozera ubwino wosiyanitsa ndalama za bizinesi ndi za pakhomo, n'kupatsidwa mwayi wotsegula akaunti ya bizinesiyo kubanki. Amenewa malonda awo anakwera ndi 20 peresenti, phindu ndi 15 peresenti. Phunziro lake ndi lomwelo limene lakudanitsa ndi alamu akowo, ndiye usalipeputse.

Ngati kope lako analijambula mizere isanu ndi iwiri yoti uzidzaza kasitomala akukudikira, mizereyo isiye. Patsiku lemba zinthu zitatu: dengu ladya zingati kufika pabenchi, wapeza zingati, ndipo zatuluka zingati kupita kukamwa kwa anthu, kuphatikizapo kwako. Zimenezi umalemba uli chiimire, ndipo ungazipitirize mpaka ukalamba.

Koma ndisakunamize, poti ine sindigulitsa maphunziro. Ku Peru, amayi otenga ngongole ku FINCA anaphunzitsidwa za bizinesi. Nzeru zinawonjezekadi, koma phindu silinaonetse kusintha kwenikweni. Ku Sri Lanka, amayi a geni amene analandira maphunziro okha anasinthako kachitidwe, phindu lili pomwepo. Amene analandira maphunziro ndi mpamba womwe, phindu linakwera miyezi yoyambirira, pofika chaka chachiwiri n'kubwerera mwakale. David McKenzie wa ku World Bank ataphatikiza kafukufuku wambiri wa mtunduwu anapeza kuti, kutenga zonse pamodzi, maphunziro amakweza phindu ndi pafupifupi 10 peresenti, malonda ndi pafupifupi 5. Pa K6,000 yako ija ndi K600. Si galimoto, si nyumba yamalata. Ndi ndalama yoti munthu wopanda kope sangaione n'komwe kuti yabwera, n'chifukwa chake ambiri amabwerako n'kumati kunali kutaya nthawi. Ngati muholo muja munali wina wokulonjezani kuti pakutha pa chaka mudzakhala ndi shopu ku Limbe, ameneyo ankayankhula atakhuta.

Tsopano za kunyumba, poti apa mpamene pagona nkhani. Aphunzitsi ena amayankhula ngati munthu anagwa kumwamba ndi benchi lake, alibe mlamu, alibe mpongozi. "Musakongoze achibale," basi, n'kukwera galimoto ulendo. Ine ndikufunsa: tsiku limene udzagonekedwe kuchipatala cha Queens, adzayala chitenje pansi pa bedi lako kukudikirira ndani, mphunzitsi uja kapena alamu akowo? Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo sananame. Kwa ife opanda inshuwalansi, achibale ndiwo thumba la zadzidzidzi. Choncho sindikukuuza kuti ufumbate dzanja. Ndikuti udziwe thumba limene dzanjalo likutapamo.

Pa dengu lililonse dzidulire malipiro ako, monga mmene ukanamulipirira mtsikana woti azikugulitsira. Akhale ochepera pa phindu, ndipo asamasinthesinthe. Ndalama imeneyo ndi yako: tchipisi uchotse pamenepo, chopereka cha kutchalitchi pamenepo, mchere wa asewere anga pamenepo. Ikatha yatha. Ya mpamba isagone pansonga imodzi ndi ya ndiwo. Iponye pa Airtel Money kapena pa Mpamba, koma imene amadula potapa nayonso ilowe m'kope. Apo ayi, kachitini ka loko, kiyi wake m'khosi mwako.

Alamu ako usawakongozenso, uziwapatsa. Ngongole ya mlamu sibwezedwa, tonse tikudziwa, ndipo imabala udani mbali zonse ziwiri: iwe ukuwerenga masiku, iwo akulambalala njira ya kumsika. Loweruka lililonse uwatengere mulu umodzi kunyumba kwawo, upereke ndi manja awiri, unene kuti "Alamu, kandiwo aka." M'kope ulembe kuti mphatso, uchotse pamalipiro ako. Udzaona kuti mulu umodzi wolowera pakhomo mwaulemu ukutchipira kuposa iwiri yotoledwa pabenchi. Asewere anga oti wasanduka mzunguwo asiye ayankhule. Akadzaona kuti shuga wawo akufika mwezi ndi mwezi osadumpha, ndi omwewo adzayambe kuuza anzawo kuchigayo kuti mpongozi wawo ndi wophunzira.

Akamwini ndiwo ofunika kuwagwira bwino. Njinga yamotoyo, ngati ndamva bwino, ndi ya kabaza, kutanthauza kuti m'nyumba mwanu muli mabizinesi awiri koma thumba limodzi. Ofufuza ena anaunika za ku India, ku Sri Lanka ndi ku Ghana pofuna kudziwa chifukwa chimene ndalama zopatsidwa kwa amayi a geni zinkaonekera ngati sizikupindula. Anapeza kuti m'nyumba zimene bambo ali ndi bizinesi yake, ndalama ya mayi nthawi zambiri imakathera kwa bamboko. Kumene mayi anali yekha wochita bizinesi pakhomopo, inkapindula bwinobwino. Ndiye si ufiti, ndipo si kwanu kokha. Pamene unaphonya ndi poyambira. Dzina loyamba kulowa m'kopelo likanakhala lako. Usiku ana atagona, bambo atadya, osati pamaso pa anthu, tsegula kope uwaonetse mzere wa tchipisi: "Bambo a ana, taonani mmene ndikudyera mpamba ine." Akaseka, uwayendetse ndi dengu lonse lija kuyambira pa K48,000 mpaka pa K45,000. Kenako upemphe chinthu chimodzi chokha: mafuta akawathera akongole ndithu, koma abweze madzulo a tsiku lomwelo kuchokera pa za kabaza, dengu la mawa lisanapikulidwe. Uwagulirenso kope lawolawo, lachikuto cholimba, lalikulu kuposa lako, poti amuna zoterezi amazikonda. Akakana zonsezi n'kumalanda ndalama mokakamiza kapena kukuopseza, imeneyo si nkhani ya maphunziro ayi. Ndi ya ankhoswe, ndipo ukafikeko msanga.

Za ngongole ina, anzakowo uwauze kuti Azakhali akana. Satifiketi sibweza ngongole. Kuno kwathu kunachitika kafukufuku pa ngongole ya pafoni ya Kutchova, pamene anthu ena anawaphunzitsa pafoni pomwepo za ndalama imene imawonjezeredwa pangongoleyo ndi chilango cha kuchedwa kubweza. Anazimvetsadi, koma kubweza pa nthawi yake sikunasinthe kwenikweni. Chimene chinakwerako ndi mtima wofuna kutenga ngongole. Munthu akaphunzira pang'ono mantha amachoka, chonsecho mantha ena ndi amene ankamusunga. Banki mkhonde sindikuinyoza. Kafukufuku wa m'midzi 46 ya kumpoto kwa dziko lino anapeza kuti kumene kunalowa magulu otere mabanja anayamba kudyako kawirikawiri patsiku kuposa anzawo. Koma chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi. Ngati gulu lanu limatchaja K20 pa K100 iliyonse, K100,000 ikufuna K20,000 mwezi ukatha, kutanthauza madengu atatu ndi kanthu ukugwirira gulu. Inde, ina idzabwerera kwa iwe pogawana mu Disembala, koma tomato sadikira Disembala.

Ndiye dzifunse: pabenchi pako chimayamba kutha n'chiyani, tomato kapena makasitomala? Ngati katundu amatha 2 koloko anthu akubwerabe, mpamba wowonjezera uli ndi ntchito. Ngati dzuwa limalowa milu ikukuyang'ana, dengu lachiwiri likangoolera pomwepo chiwongoladzanja chikuyenda. Yankho lake lili m'kope lomwelo ukufuna kutayalo. Lilembe miyezi itatu osadumpha, pulaizi uzipereka kwa wogula milu iwiri kupita m'mwamba, ndipo ophwanyika aja upangane ndi amayi ophika nsima pamsika azikugula m'mawa asanawawase. Ikatha miyezi imeneyo tidzakambirane za ngongole.

Azakhali ako

* * *

Azakhali,

Ndili ndi golosale pa Mponela. Ndachita maphunziro a bizinesi ndi mabungwe anayi osiyanasiyana, ndipo masatifiketi onse ndinawaika m'mafelemu pakhoma la golosale. Mabuku anga ndi olongosoka, mwezi uliwonse amaonetsa phindu. Chondidabwitsa n'choti mashelefu akunka napepuka: pamene pankakhala mabelo asanu a shuga, pano pali limodzi. Sindimwa mowa, akazi anga sakhudza kabati ya ndalama. Sabata yamawa kuli semina ina ku Salima, ya masiku asanu, ndipo alawansi ilipo. Mwina kumeneko ndikapeza yankho. Ndipiteko?

Wophunzira, Mponela

A Bwana Masatifiketi,

Ndagwada. Kalata ya munthu wophunzira chonchi ndaiwerenga nditasamba m'manja. Mafelemu anayi! Nanga kasitomala akalowa kudzafuna shuga n'kupeza mulibe, mumamuonetsa iti? Ndipo ndaona kuti mwathamangira kuyeretsa mayi akunyumba ndisanawatchule n'komwe. Mwachita bwino, poti mlanduwu si wawo.

Ndinu mwana wa achimwene ngakhale mwayamba dazi, ndiye ndikuuzani mosapsatira. Mabuku anu sakunama, koma akuwerenga makwacha pamene chikuthawa ndi katundu. Mumapikula belo la shuga, tinene pa K60,000, n'kuikapo kanu, lonse n'kutuluka K66,000. Buku likuti phindu K6,000, inu n'kuitenga kukalipira fizi ndi mtima woyera. Mukubwerera kwa opikulitsa ku Lilongwe ndi K60,000 yanu, mukupeza belo lili pa K70,000. Pa mabelo asanu mwaperewera K50,000, ndiye mukubwera ndi anayi. Ulendo wina atatu. Buku lija likuombabe m'manja.

Zimenezi si ulesi wanu. Mu Meyi 2022 Banki Yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 n'kuitsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Wagolosale aliyense amene masiku amenewo anagulitsa katundu wa pashelefu pamtengo wa dzulo anadya mpamba wake ali chiimire pakauntala, osalawa ndi supuni imodzi yomwe. Phunziro la "mtengo wogulira kuphatikiza phindu" limene munakhoza kanayi lija limagwira ntchito kumene mitengo imagona tulo. Kuno imayenda usiku.

Mpamba wanu muziuwerenga m'mabelo a shuga, m'makatoni a sopo, m'zigubu za mafuta ophikira. Phindu ndi chimene chatsala mutabwezeretsa mabelo asanu aja pashelefu, osati musanatero. Musanamate mtengo pakatundu, imbirani opikulitsa mufunse wa lero. Ndikudziwa, mukakweza nokha makasitomala awolokera kwa mnzanu wa tsidya la msewu, amene nayenso akudya mpamba wake mosadziwa. Pamenepo kwezani pang'onopang'ono, ndipo katundu wokhala miyezi itatu akuchita fumbi mumuchepetse, ndalama ipite ku zoyenda msanga. Kope la ngongole za "pakutha pa mwezi" nalonso mulidule, chifukwa K10,000 yokongoza lero ikamabwera mwezi wamawa, ngati ibwere, imakhala itawonda. Ndipo sindinati mubise shuga kuchipinda kudikira kuti akwere mtengo. A bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC akadzakupezani musadzanditchule.

Za semina. Ku Togo, mumzinda wa Lomé, ofufuza anatenga eni mabizinesi ang'onoang'ono 1,500 n'kuwagawa patatu. Gulu lina silinaphunzitsidwe kanthu. Lina linaphunzira zomwe inu muli nazo m'mafelemuzo: mabuku, kutsatsa malonda, kuyang'anira antchito. Lachitatu analiphunzitsa khalidwe: kuyamba wekha osadikira kuuzidwa, kufunafuna chimene anzako sakuchita, kuoneratu vuto lisanafike, kusagwa mphwayi zikavuta. Malinga ndi zotsatira zimene zinatuluka mu 2017, pa zaka ziwiri zotsatira a gulu lachitatuli phindu lawo linakwera ndi 30 peresenti, pamene a mabuku aja linakwera ndi 11, kochepa moti ofufuzawo sanathe kutsimikiza kuti si mwayi chabe. Ndiye ndikufunseni, Bwana: chiphunzirireni kanayi konseko, n'chiyani chimodzi chimene golosale yanu imachita chimene ya tsidya la msewu sichita? Pa Mponela pamadutsa msewu wa M1, mabasi a ku Kasungu ndi ku Mzuzu amaima, nyengo yokolola alimi a fodya ndi soya amayenda ndi ndalama m'thumba. Inu mwawakonzera chiyani, kupatula msomali wa felemu yachisanu?

Nanunso a mabungwe, poti ndikudziwa kuti tsamba lino mumaliwerenga mobisa: bwanji kusankha munthu yemweyemweyo kanayi, pamene mayi wa mandasi wa pasiteji sanaitanidwepo? Masiku asanu kuhotela ya kunyanja, munthu wa geni atseke benchi ana adye chiyani? Bwerani pamsika madzulo malonda atazizira, muphunzitse chinthu chimodzi kwa ola limodzi, mwezi wamawa mubwerenso kudzaona makope. Alawansi imaitana okonda alawansi.

Ku Salima musapiteko. Masiku asanu amenewo golosale muisiyira mlamu wanu wamng'ono, ndipo mabisiketi ndi mayunitsi amene adzasowe adzaposa alawansiyo. Lolemba mukatseka, muitane mayi akunyumba, muwerenge katundu yense mmodzimmodzi, mulembe kuchuluka kwake ndi mtengo wopikulira wa tsikulo pambali. Pa 1 mwezi wamawa muchitenso chimodzimodzi. Manambala awiriwo munditumizire. Mafelemu akhale konko.

Azakhali anu